Allan Cormack, mwana wa ku Joni amene anapenya m'kati mwa thupi ndi masamu

Owerenga athu a ku Lukusuzi ndi a m'midzi yonse ya ku Lundazi audziwa bwino ulendo wa munthu wodwala kwambiri. Ayambira pa kiliniki, apita ku cipatala ca pa boma, atumizidwa ku Chipata, ndipo nthenda ikakanika kumeneko akwera basi ya ku Lusaka. Akafika ku UTH, kapena ku Cancer Diseases Hospital imene inatsegulidwa m'caka ca 2007, nthawi zina amamgoneka pa kabedi kamene kamalowa pang'onopang'ono m'makina obooka pakati. Dzina la makinawo ndi CT scanner. Ambiri a ife tiganiza kuti cinthu cotere cinaturuka m'mitu ya madotolo a ku Ulaya. Koma mwa anthu awiri amene dziko linawalemekeza kaamba ka makinawa panalibe dotolo ndi mmodzi yemwe, ndipo mmodzi wa iwo anabadwira ku Joni, mzinda womwe uja kumene agogo athu ambiri anapita kukagwira nchito m'migodi.

Allan MacLeod Cormack anabadwa pa 23 February 1924, mwana wotsiriza mwa ana atatu. Makolo ace anacokera ku Scotland. Atate ace anali injiniya wa ku Positi Ofesi ndipo amai ace anali mphunzitsi. Atate atamwalira m'caka ca 1936, banjalo linakhazikika ku Cape Town, kumene mnyamatayo analowa sukulu ya Rondebosch. Mtima wace unali pa nyenyezi, ndipo pofuna kuzimvetsa anadziloweza m'masamu ndi m'sayansi ya physics. Koma ataona kuti nyenyezi sizidzamdyetsa nsima, anayamba maphunziro a uinjiniya wa magetsi pa Yunivesiti ya Cape Town. Patapita zaka ziwiri anawasiya nabwerera ku physics. Analandira digiri yoyamba mu 1944, yaciwiri mu 1945.

Kucokera apo a Cormack anapita ku Cambridge, ku Mangalande, kukafufuza za m'kati mwa atomu pansi pa Otto Frisch. Kumeneko anakomana ndi Barbara Seavey, mtsikana wa ku Amereka wophunzira sayansi yomweyo. Ukwati ufuna ndalama, ndipo mwana wa sukulu alibe. Cotero m'caka ca 1950 anakwatira nabwerera ku Cape Town kukaphunzitsa, osatsiriza digiri ya udokotala wa maphunziro. Digiriyo sanaitsirizenso moyo wao wonse.

Cimene cinatembenuza moyo wao cinadza mwangozi. Pa cipatala ca Groote Schuur, cija cinachuka mu 1967 pamene Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina mwa mnzace, katswiri wa physics anasiya nchito. Lamulo linafuna kuti pakhale munthu wodziwa woyang'anira zinthu zoturutsa ceza coopsa zocizira khansa, ndipo mu Cape Town monse munthu wotere anali a Cormack okha. Cotero m'miyezi yoyamba ya 1956 anayamba kupita ku cipatalako tsiku limodzi ndi theka pa sabata.

Zimene anaona kumeneko zinawadabwitsa. Ceza cimene cipha khansa ciononganso mnofu wabwino, cifukwa cace muyeso wace ufunika kukhala wolongosoka: cikacepa nthenda itsala, cikacuruka wodwala apsa. Koma mapepala amene madotolo anali kuwerengera muyesowo anali kutenga thupi la munthu ngati mgolo wa madzi, lofanana ponseponse. Pamene aliyense amene anasendapo mbuzi adziwa kuti muli fupa, muli mafuta, muli mapapo odzala mpweya, ndipo ceza sicingapyole zonsezi mofanana. Kuti muyeso ukhale woona panafunika mapu oonetsa kulimba kwa malo ali onse a m'thupi. X-ray, imene Wilhelm Röntgen anaitulukira mu 1895, siikanatha kupereka mapu otere, pakuti cithunzi cace ndi mthunzi cabe. Nthiti za kutsogolo, mtima ndi msana zisanjikizana pa pepala limodzi, ndipo bongo ubisika kuseri kwa cigaza.

Funso la a Cormack tingalifanizire motere. Mlonda wa nyama ku Lukusuzi aima pambali pa kamsitu kowirira, dzuwa liri kutsidya. Pena kuwala kupyola kwambiri, pena pang'ono. Ali pamalo amodzi angodziwa kuti pa mzere wakutiwakuti pali mitengo yambiri, koma sadziwa ngati iri pafupi kapena patali. Tsono akazungulira kamsituko, napenya kucokera ku mbali zonse, nalemba zimene aona pa mzere uli wonse, kodi sangathe kujambula pamene paima mtengo uli wonse, osalowamo? A Cormack anakhulupirira kuti angathe, ndi kuti masamu ace ayenera kuti analembedwa kale ndi wina. Anafunafuna m'mabuku, osawapeza, nayamba kuwapanga okha.

M'caka ca 1957 anayesa nzeruyo ku Cape Town. Anapangitsa kacinthu kobulungira ka aluminiyamu, citsulo copepuka cija ca masefuliya, kozingidwa ndi thabwa. Anakapyoza ndi ceza ca cobalt mzere ndi mzere, nawerenga cotsala kumbali inayo ndi cipangizo ca Geiger. Masamu anaonetsa thabwa ndi citsulo monga kunayenera, koma pakati penipeni manambala anasiyana pang'ono. Atafunsa kwa amisiri amene anakapanga, anamva kuti pakatipo anaikapo aluminiyamu weniweni, pamene kwina konse anagwiritsa nchito wosanganiza. Masamu anaona cimene mwini wace sanacidziwe.

Caka comweco anasamukira ku Amereka nayamba kuphunzitsa pa Yunivesiti ya Tufts. Nchito yao yeniyeni inali ya maatomu, ndipo za mapu a thupizi anali kuzicita pa nthawi yopuma. Mu 1963 anayesanso ndi cifanizo ca mutu ca aluminiyamu ndi pulasitiki, cokhala ndi tizitsulo tiwiri m'kati toimira zotupa, ndipo tonse tiwiri tinaoneka. Anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya Journal of Applied Physics mu 1963 ndi mu 1964, nayembekeza kuti madotolo adzafunsa.

Kunali zii. Mwa ocepa amene analemba kalata kupempha mapepalawo munali anthu a ku Switzerland ofufuza za cipale cogumuka m'mapiri, amene anaganiza kuti njirayo ingawathandize kuyesa kuya kwa cipaleco. Sitingawatsutse kwambiri madotolo a masiku amenewo. Magaziniyo siinali yao, masamuwo anali obvuta, ndipo makompyuta anali osowa ndi okwera mtengo. Pambuyo pace a Cormack anadzamvanso kuti Johann Radon, katswiri wa masamu wa ku Austria, anali atamasula kale funso lomwelo mu 1917.

Amene anamanga makina enieni anali Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI ku Mangalande, amene sanadziwe konse za nchito ya a Cormack. Pa 1 October 1971, pa cipatala ca Atkinson Morley mu London, iye pamodzi ndi dotolo James Ambrose, nayenso wobadwira ku South Africa, anaunika mutu wa mai amene anali kuganiziridwa kuti ali ndi cotupa mu bongo. Makinawo sanaturutse cithunzi pomwepo. Anaturutsa manambala, amene anasungidwa pa tepi natengedwa kupita kwina kumene kunali kompyuta yaikuru. Cithunzi citabwera cinali ca timadontho 80 m'litali ndi 80 m'lifupi, cosaoneka bwino tikacilinganiza ndi za lero, koma nthendayo inaonekamo, ndipo ocita opareshoni anaipeza pomwepo.

Apa tiyenera kuimapo pang'ono, pakuti ndi pamene ambiri asokonezeka. Cimene makina a CT asunga ndi manambala, ndipo cithunzi cibwera pambuyo. Makina aunika thupi m'mapande opyapyala, monga mai adula cinangwa, ndipo phande liri lonse masiku ano kawirikawiri likhala ndi timabokosi 512 m'litali ndi 512 m'lifupi, kapena kuti 262,144, pamene makina oyamba aja anali ndi 6,400 cabe. Kabokosi kali konse kali ndi nambala yace yonena kulimba kwa mnofu wa pamalopo. Pa muyeso umene unapatsidwa dzina la Hounsfield, madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, ndipo fupa likwera mazanamazana pamwamba pa madzi. Mapande mazana angapo akasanjikizidwa m'kompyuta, thupi libwereranso lathunthu, lokhala ndi utali, ufupi ndi kuya. Amenewa ndiwo mapu aja a Cormack anawasowa ku Groote Schuur, ndipo lero ocizira khansa ndi ceza awerengera muyeso pa mapu amenewa.

Diso la munthu silingathe kusiyanitsa mitundu zikwi ziwiri ya kuda ndi kuyera. Cotero dotolo auza kompyuta kuti ionetse cigawo cimodzi ca manambalawo pa nthawi imodzi. Akasankha a pansi aona mapapo, akasankha a pamwamba aona fupa, akasankha a pakati aona ciwindi, zonse kucokera m'kuunika kumodzi komweko. Athanso kudula thupilo mopingasa kapena motsika, kulitembenuza, ndi kuyesa kukula kwa cotupa m'mamilimita. M'zaka zoyamba zithunzi zinali kujambulidwa ndi kamera ya Polaroid pa galasi la makina, ndipo makina a kampani imodzi sanali kumvana ndi a inzace. Kuyambira 1993 pali dongosolo limodzi la kasungidwe, la DICOM, limene lisunga phande liri lonse pamodzi ndi dzina la wodwala, tsiku, ndi kucindikala kwa phandelo. Ndico cifukwa cace cimbale cimene wodwala apatsidwa ku cipatala ciposa filimu, ndiponso ciposa kutali cithunzi cojambula ndi foni. Filimu ionetsa mapande owerengeka amene wina anasankha, pamene m'cimbale muli manambala onse. Wocilandira acisunge posafika dzuwa ndi fumbi, ndipo acinyamule pobwerera kwa dotolo, pakuti kuunikanso ndi ndalama zina, ulendo wina, ndi ceza cina m'thupi.

M'caka ca 1979 a Cormack ndi a Hounsfield anagawana mphotho ya Nobel ya zacipatala, ngakhale kuti onse awiri sanaphunzire udotolo. Panali patapita zaka 23 kucokera pamene a Cormack anayamba kudandaula ndi mapepala a ku Groote Schuur, ndi zaka 16 kucokera pamene anasindikiza masamu amene sanayankhidwe. Ulemuwo sunawacotse ku Tufts, kumene anatsogolera cigawo ca physics kuyambira 1968 kufikira 1976. Unzika wa Amereka anali atautenga mu 1966, ndipo dzikolo linawapatsa National Medal of Science mu 1990.

Anamwalira ndi khansa pa 7 May 1998 ku Winchester, m'cigawo ca Massachusetts, ali ndi zaka 74, nasiya mkazi ndi ana atatu. Mu December 2002 boma la South Africa watsopano, lotsogozedwa ndi a Thabo Mbeki, linapereka kwa nthawi yoyamba nyota ya Order of Mapungubwe. A Nelson Mandela analandira ya platinum, ndipo imodzi ya golide inalembedwa dzina la malemu Allan Cormack.