Joseph Pulitzer: mkonzi amene adalamulira nyuzipepala ali wakhungu

Chaka chilichonse sukulu yaukachenjede ya Columbia mumzinda wa New York imalengeza maina a atolankhani, alembi a mabuku ndi opeka nyimbo amene apata mphotho ya Pulitzer. Kwa mtolankhani wa ku America, ulemu woposa umenewu ndi wosowa. Koma mwini dzinalo adali ndi mbiri ya mawangamawanga. Joseph Pulitzer adagwiritsa ntchito nyuzipepala poteteza amphawi ndi kuyalutsa akatangale, komabe idafika nthawi imene, pofuna kuposa mnzake pamalonda, adalola nyuzipepala yomweyo kukokomeza nkhani mpaka kusonkhezera moto wa nkhondo.

Pulitzer adabadwa pa 10 Epulo 1847 m'tauni ya Makó m'dziko la Hungary, m'banja la Chiyuda. Bambo ake adali amalonda opezako bwino, ndipo banjalo litasamukira mumzinda wa Pest, ana adaphunzitsidwa Chijeremani ndi Chifalansa. Zinthu zidatembenuka m'chaka cha 1858 pamene bambowo adamwalira. Bizinesi idagwa ndipo umphawi udalowa m'nyumba.

Atasinkhukirapo, mnyamatayo adaona kuti njira yothawira umphawi ndi usilikali. Adayesa mwayi m'magulu ankhondo a Austria, France ndi Britain, koma konseko adamubweza chifukwa adali woonda komanso maso ake sankaona bwino. Mumzinda wa Hamburg ku Germany ndimo adakumana ndi anthu amene ankalemba anyamata okamenya nkhondo yapachiweniweni ku America, kumbali ya zigawo za kumpoto. Anthuwa sadalabadire za maso. Motero m'chaka cha 1864, ali ndi zaka 17, Pulitzer adatsika sitima padoko la Boston, Chingerezi akuchidziwa pang'ono chabe. Adalowa gulu la asilikali okwera pamahatchi lotchedwa Lincoln Cavalry, momwe mudadzaza anthu ochokera ku Germany, ndipo adatumikiramo miyezi pafupifupi isanu ndi itatu.

Nkhondo itatha m'chaka cha 1865, ntchito idasowa ku New York. Pulitzer adalowera kumadzulo mumzinda wa St. Louis, m'chigawo cha Missouri, komwe kudali anthu ambiri olankhula Chijeremani. Kumeneko adagwira ganyu aliyense amene adapezeka: kusamala nyulu, kunyamula katundu, kuperekera zakudya m'lesitilanti. Akaweruka ankathamangira ku Mercantile Library kukadziphunzitsa Chingerezi ndi zamalamulo.

Utolankhani adaulowa kudzera m'tsoka. Tsiku lina iye ndi amuna ena ambiri adalipira madola asanu aliyense kwa munthu amene adawalonjeza ntchito m'minda ya nzimbe ku Louisiana. Sitima imene adakwera idawatsitsa panjira n'kuwasiya, ndipo adabwerera mumzinda wapansi. Pulitzer adalemba za chinyengocho n'kupereka nkhaniyo ku Westliche Post, nyuzipepala ya Chijeremani imene eni ake adali Emil Preetorius ndi Carl Schurz. Nkhaniyo idasindikizidwa, ndipo m'chaka cha 1868 adamulemba ntchito ya utolankhani.

Khama lake lidamutchukitsa msanga. Chakumapeto kwa 1869, ali ndi zaka 22 zokha, zimene zidali zosakwana pa zomwe lamulo linkafuna, adasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Missouri kudzera m'chipani cha Republican. Kumeneko adalimbana ndi akuluakulu oyendetsa boma la St. Louis amene ankawaganizira zakatangale. Koma mtima wake udali wapachala. M'mwezi wa Januwale 1870, atanyozedwa pagulu ndi Edward Augustine, mmodzi mwa anthu amene ankapindula ndi makontirakiti a boma, adakatenga mfuti n'kumuwombera pamwendo. Augustine adachira, Pulitzer adalipira chindapusa, koma adani ake sadasiye kumukumbutsa za tsikulo moyo wake wonse.

M'zaka zotsatira adachoka ku Republican n'kulowa chipani cha Democratic, ndipo adayamba kupanga ndalama pogula ndi kugulitsa masheya a nyuzipepala. Chaka cha 1878 chidamubweretsera zinthu ziwiri. Adakwatira Kate Davis mumzinda wa Washington, ndipo mu Disembala adagula paokushoni nyuzipepala imene idagwa ndi ngongole ya St. Louis Dispatch pamtengo wa madola 2,500. Adaiphatikiza ndi ina yotchedwa Post ya John Dillon, n'kubadwa St. Louis Post-Dispatch, imene ikutulukabe mpaka lero.

Mu nyuzipepalayi ndimo Pulitzer adayesera nzeru zimene adadzatchuka nazo. Adasindikiza maina a anthu olemera amene ankazemba msonkho, adalimbana ndi njuga zoletsedwa, adavumbula ziphuphu m'boma la mzindawo. Anthu wamba adaikonda, anthu apamwamba adaipidwa nayo. Chidani chidafika pachimake m'chaka cha 1882 pamene mkonzi wake wamkulu, John Cockerill, adawombera ndi kupha loya wina dzina lake Alonzo Slayback, amene adabwera ku ofesi ya nyuzipepalayo kudzakalipa chifukwa cha zomwe adamulemba. Ngakhale Cockerill sadapezeke wolakwa, mzinda udamukwiyira Pulitzer, ndipo adaona kuti nthawi yosamuka yakwana.

M'chaka cha 1883 adagula New York World kwa mpondamatiki wa njanji Jay Gould pamtengo wa madola 346,000. Nyuzipepalayo inkagulitsa makope pafupifupi 15,000 patsiku ndipo inkangoluza ndalama. Pulitzer adaona chimene eni nyuzipepala anzake sadachione. New York idadzaza ndi anthu obwera kuchokera ku Ireland, Germany, Italy ndi maiko ena, ogwira ntchito m'mafakitale, okhala mothithikana m'nyumba zauve, amene Chingerezi chawo chidali chopereweza ngati momwe chidalili chake. Adalamula atolankhani ake kulemba ziganizo zazifupi ndi mawu osavuta. Adaika mitu ikuluikulu, zithunzi zojambula pamanja, masamba a zamasewero ndi a amayi. Nkhani za umbanda ndi ngozi zinkakopa wowerenga kuti agule, ndipo akatsegula mkati ankapeza ndemanga za mkonzi zopempha boma kuti likhometse msonkho pa chuma cha olemera, lilange akuba ndalama za boma ndi ogula mavoti, komanso lichepetse mphamvu za makampani opondereza anzawo. Zaka ziwiri zisanathe, makope adapitirira 100,000 patsiku.

Mphamvu za World zidaonekera pachisankho cha 1884, pamene idathandiza Grover Cleveland kupambana upulezidenti. Chaka chomwecho Pulitzer naye adasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya dziko lonse, koma mapanga awiri avumbwitsa: adatula pansi udindowo mu Epulo 1886 kuti aike mtima pa nyuzipepala.

Ntchito imene anthu a ku New York amamukumbukira nayo kwambiri ndi ya chiboliboli cha Statue of Liberty. Dziko la France lidapereka chibolibolicho ngati mphatso, koma ndalama zomangira tsinde loti chiimepo zidatha panjira, ndipo boma ngakhalenso anthu olemera sadaonetse chidwi. M'chaka cha 1885 Pulitzer adapempha owerenga ake kuti asonkhe, ndipo adalonjeza kusindikiza dzina la aliyense wopereka, ngakhale wopereka senti imodzi. Anthu oposa 120,000, kuphatikizapo ana asukulu, adasonkha madola oposa 100,000, ambiri a iwo akupereka ndalama zosakwana dola imodzi. Chibolibolicho chidatsegulidwa pa 28 Okutobala 1886.

Chaka chotsatira World idalemba ntchito mtsikana wolimba mtima, Nellie Bly, amene adanamizira misala kuti agonekedwe m'chipatala cha amayi odwala misala pachilumba cha Blackwell. Adakhalamo masiku khumi, ndipo zimene adalemba atatuluka, za nkhanza, chakudya choola ndi madzi ozizira osambitsira odwala, zidachititsa kuti pakhale kafukufuku ndiponso kuti boma la mzinda lionjezere ndalama zosamalira odwalawo. Bly yemweyo adazungulira dziko lapansi m'masiku 72 pakati pa 1889 ndi 1890, owerenga akutsata ulendo wake tsiku ndi tsiku.

Koma pamene nyuzipepala inkakwera, thupi la mwini wake linkatsika. Pulitzer ankagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo omupikisana naye, makamaka Charles Dana wa New York Sun, ankamunyoza poyera chifukwa cha Chiyuda chake. M'chaka cha 1887 maso ake adayamba kuzima. Pofika 1890, chaka chimene adatsegula nyumba yosanja ya World, yomwe panthawiyo idali yaitali kuposa zonse mu New York, iye adali atatsala pang'ono kukhala wakhungu. Padabweranso vuto lina: kaphokoso kakang'ono, ngakhale kugunda kwa supuni pambale, kankamupweteka kwambiri. Ali ndi zaka 43 zokha adasiya kupita ku ofesi.

Kusiya ofesi sikudali kusiya ulamuliro. Kwa zaka zoposa makumi awiri adayendetsa World ali kutali, nthawi zina m'zipinda zomangidwa mosalowa phokoso ku Bar Harbor m'chigawo cha Maine, nthawi zina ku Ulaya, ndipo m'zaka zake zomaliza ali panyanja m'sitima yakeyake yotchedwa Liberty. Adali ndi alembi amene ankamuwerengera nyuzipepala ndi mabuku, ndipo malangizo ake kwa akonzi ankawatumiza patelegalamu m'mawu achinsinsi kuti opikisana naye asamve.

Mayesero aakulu adadza m'chaka cha 1895 pamene William Randolph Hearst, mwana wa mpondamatiki wa migodi, adagula New York Journal. Chodabwitsa n'chakuti nyuzipepalayo adaiyambitsa ndi Albert Pulitzer, mng'ono wake wa Joseph. Hearst adatengera njira zonse za World, adagulitsa nyuzipepala yake senti imodzi, ndipo adanyengerera antchito a Pulitzer ndi malipiro onona. Mmodzi mwa amene adawatenga adali Richard Outcault, wojambula katuni yotchuka ya kamwana kovala mkanjo wachikasu, Yellow Kid. Pulitzer adapeza wina woti azijambula kamwana komweko, ndipo kuchokera pa mkanganowu utolankhani wokokomeza nkhani udayamba kutchedwa wachikasu.

Atambala awiriwa adapeza bwalo lolimbiranapo pa nkhani ya Cuba, komwe anthu ankamenyera ufulu wawo kwa atsamunda a ku Spain. Pa 15 Febuluwale 1898 sitima yankhondo ya America, Maine, idaphulika padoko la Havana ndi kupha anthu oposa 260. Chimene chidaphulitsa sitimayo chisanadziwike, World ndi Journal zidathamangira kuloza chala adani, ndipo tsiku lililonse zinkapikisana pa mitu yoopseza. Nkhondo idayamba mu Epulo, ndipo nyuzipepala iliyonse mwa ziwirizi idafika pogulitsa makope oposa miliyoni imodzi patsiku. Kafukufuku wina wa m'chaka cha 1976 adapeza kuti kuphulikako kuyenera kuti kudayambira mkati mwa sitimayo. Nkhondoyo idali ndi zifukwa zinanso zandale ndi zachuma, komabe banga lidatsala pa dzina la Pulitzer.

Banga lina lidadza chaka chotsatira. Nthawi ya nkhondo, eni nyuzipepala adakweza mtengo umene ana ogulitsa nyuzipepala m'misewu ankapikulira, kuchoka pa masenti 50 kufika pa 60 pa makope 100. Nkhondo itatha ena adatsitsa, koma World ndi Journal zidakana. Mu Julaye 1899 anawo, ambiri mwa iwo amasiye ndi ana a anthu osauka obwera, adanyanyala ntchito kwa milungu iwiri. Mtengo sudatsike, koma eni nyuzipepalazo adavomera kumagulanso makope otsala. Munthu amene adadzitcha mtetezi wa amphawi adapezeka akulimbana ndi ana osauka chifukwa cha masenti khumi.

Pambuyo pa zimenezi Pulitzer adabweza World m'njira yodekha. Pansi pa mkonzi Frank Cobb, amene adabwera m'chaka cha 1904, nyuzipepalayo idavumbula chinyengo m'makampani akuluakulu a inshulansi, ndipo malamulo adakhwimitsidwa. M'chaka cha 1908 idafunsa kumene kudapita madola 40 miliyoni amene boma la America lidalipira pogula katundu wa kampani ya ku France pa ngalande ya Panama. Pulezidenti Theodore Roosevelt adapsa mtima, ndipo boma lidatsegula mlandu woipitsa mbiri. Pulitzer, wakhungu ndi wodwala, sadabwerere m'mbuyo. Mu Januwale 1911 bwalo lalikulu kwambiri la milandu m'dzikolo lidagamula mokomera World, ndipo chigamulocho chidatseka njira imene boma likadamagwiritsa ntchito poopseza nyuzipepala zolidzudzula.

Miyezi isanu ndi inayi pambuyo pake, pa 29 Okutobala 1911, Pulitzer adamwalira m'sitima yake padoko la Charleston m'chigawo cha South Carolina, ali ndi zaka 64. Adaikidwa m'manda a Woodlawn ku New York.

Kwa zaka zambiri iye ankakhulupirira kuti mtolankhani ayenera kuphunzira ntchito yake monga amachitira loya kapena dokotala. M'chaka cha 1892 sukulu ya Columbia idakana ndalama zake zoyambitsira maphunzirowo, koma idadzavomera patapita zaka pafupifupi khumi. Mu wilu yake adasiyira sukuluyo madola 2 miliyoni. Sukulu ya utolankhani idatsegulidwa m'chaka cha 1912, ndipo mphotho zoyamba za Pulitzer zidaperekedwa mu 1917.

World yokha sidakhalitse. Ngakhale wiluyo idaletsa kuigulitsa, ana ake adapeza chilolezo kukhoti n'kuigulitsa m'chaka cha 1931 itayamba kuluza ndalama, ndipo nyumba yake yosanja idagwetsedwa m'zaka za m'ma 1950 pokuza msewu wolowera pamlatho wa Brooklyn. Mwa mphotho zonse zimene adasiya, yolemekezeka kwambiri ndi mendulo yagolide ya utolankhani wotumikira anthu, imene sipita kwa mtolankhani mmodzi koma kwa nyuzipepala yonse.