Munthu wa mwezi uno: Godfrey "Ucar" Chitalu, mfumu ya zigoli ya ku Zambia

Loweruka lija titamaliza mpira tinakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kukangana za amene anachinya zigoli zambiri m'chaka chimodzi. Aliyense amangoti Messi, Messi. Ine nditatchula munthu wa ku Zambia kuno, mafana anandiseka mpaka ena kugona pansi. Ndiye ndinalonjeza kuti ndidzalemba mbiri yake yonse kuti muweruze nokha. Munthuyo ndi malemu Godfrey Chitalu, amene anthu ankamutcha Ucar.

Chitalu anabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, tauni ya migodi ya kopa, dziko la Zambia likutchedwabe Northern Rhodesia. Anakulira m'komboni ya Mikomfwa. Masiku amenewo makampani a migodi ndi makhonsolo ankamanga malo osonkhanira achinyamata, kumene ana ankaphunzira mpira, nkhonya ndi masewero ena. Chitalu anayambira m'matimu a achinyamata ngati amenewa, ku Luanshya ndipo kenaka ku Kitwe. Mfundo imeneyi ndiikonda kwambiri chifukwa sanatulukire ku akademi ya ndalama ayi. Anatulukira m'kalabu ya achinyamata, yosasiyana kwenikweni ndi yathuyi.

Ali mnyamata ndithu analowa timu ya Kitwe United. Anali wamphamvu, waliwiro, ndipo akaombera mpira goloboyi ankaona zakuda. Koma anali ndi vuto limodzi lalikulu: mtima wapachala. Ankakangana ndi oyimbira, ankabwezera akachitidwa chipongwe, ndipo ankatulutsidwa m'bwalo ndi kuimitsidwa kusewera. Tsiku lina woyimbira atamufunsa dzina kuti amulembe m'buku, iye anatchula dzina la Denis Law, katswiri wa Manchester United wa nthawi imeneyo, m'malo mwa lake. Lero tikhoza kuseka, koma khalidwe lotere likanatha kumuthera mpira adakali mwana.

Akuluakulu a timu sanamutaye. Mu 1968, ali ndi zaka 20 zokha, anamupatsa ukaputeni. Ena akanati akulakwitsa kupereka udindo kwa munthu wovuta chonchi, koma udindowo unamuthandiza kudzigwira. Chaka chomwecho anachinya zigoli 81, anayamba kusewera m'timu ya dziko, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'Zambia. Mphotho imeneyi anadzailandira kasanu: 1968, 1970, 1972, 1978 ndi 1979. Taonani bwino zakazo. Pakati pa yoyamba ndi yomaliza pali zaka 11, kusonyeza kuti sanali wongowala nyengo imodzi n'kuzima.

Mu 1971 anasamukira ku Kabwe Warriors, timu ya kampani ya njanji. Dzina loti Ucar linachokera kwa muulutsi wa mpira pa wailesi, malemu a Dennis Liwewe. Nthawi imeneyo kunali mabatire otchedwa Ucar, opangidwa ndi kampani ya Union Carbide, amene ankatchuka kuti sathera moto msanga. A Liwewe poona mmene Chitalu ankathamangira kuyambira mphindi yoyamba mpaka yomaliza, anamufanizira ndi mabatirewo, dzina n'kumatirira. Chosangalatsa n'chakuti a Liwewe anabadwira kuno ku Malawi mu 1936 n'kupita ku Zambia atakula. Ndiye dzina limene Zambia yonse imanyadiralo analipereka ndi mwana wa kwathu konkuno.

Tsopano tifike pa 1972, chaka chimene chinayambitsa mkangano wathu uja. Chaka chimenecho Kabwe Warriors inasesa zikho zonse za m'dziko: ligi, Castle Cup, Challenge Cup, Chibuku Cup ndi Charity Shield. Kumayambiriro kwa chaka, mu mpikisano wa matimu akatswiri a mu Africa, anakumana ndi Majantja ya ku Lesotho. Ku Lesotho anafanana mphamvu 2-2, ndipo zigoli ziwiri zonse za Warriors anachinya Chitalu. Atabwerera kwawo anaikwapula 9-0, ndipo zisanu ndi ziwiri mwa zigolizo zinali zake. Munthu mmodzi, gemu imodzi, zigoli 7. Nyengo ya mpira ya m'dziko itatsegulidwa anapitiriza, ndipo pofika kumapeto anali atachinya zigoli 107 m'magemu a timu yake, a timu ya dziko ndi ena. Mukaphatikiza ndi 9 za Majantja zija, zimene zinabwera nyengo isanayambe, zimakwana 116 m'chaka chimodzi.

Chaka chomwecho cha 1972, ku Germany, Gerd Müller anachinya zigoli 85 posewerera Bayern Munich ndi timu ya dziko lake. Dziko lonse linalemba kuti Müller ndiye mwini mbiri ya zigoli zambiri pa chaka, ndipo zinakhala choncho zaka 40. Za mnyamata wa ku Kabwe zinangotsala m'manyuzipepala a ku Zambia ndi m'mitu ya anthu amene anamuona.

M'timu ya dziko, ulendo wake sunali wosalala. Mu 1974 anali nawo pa chikho cha Africa ku Egypt, pamene Zambia inafika mu fainolo koyamba. Anafanana ndi Zaire 2-2, gemu inabwerezedwa, Zaire n'kupambana 2-0. Mphunzitsi wa nthawi imeneyo, Ante Buselic, sankamudalira kwambiri, ndipo pambuyo pake Chitalu anakhala nthawi yaitali osaitanidwa. Munthu wa zigoli 107 kumangomvera anzake pa wailesi, tangoganizani. Iye anapitiriza kuchinya ku Kabwe mpaka anamuitananso mu 1977, ali pafupi zaka 30, msinkhu umene ambiri amayamba kuganiza zopachika nsapato.

Mu 1978 anabwera kuno kwathu. Malawi ndiye inachititsa mpikisano wa maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, umene timautcha CECAFA. Zambia inafika itapsa mtima, inathira Kenya zigoli 9 kwa duu, ndipo Chitalu anamaliza mpikisano ndi zigoli 11, kuposa wina aliyense. Koma mu fainolo anakumana ndi anyamata athu, timu ya Kinnah Phiri pansi pa mphunzitsi Ted Powell, ndipo Malawi inapambana 3-2 n'kutenga chikhocho koyamba. Agogo anga aamuna amati tsiku limenelo mudzi wonse unaunjikana pa wailesi imodzi, ndipo mpira ukangofika kwa Ucar aliyense ankagwira mtima. Mukafuna kudziwa kukula kwa chipambano cha 1978, muyambe mwadziwa kuti amene tinamugonjetsayo anali ndani.

Mu 1980 anasewera pa Olimpiki ku Moscow ndipo anachinya chigoli pokumana ndi eni bwalo, Soviet Union, ngakhale Zambia inagonja 3-1. Anasiya timu ya dziko atachinya zigoli 79 m'magemu 111, ndipo mpaka lero palibe wa ku Zambia amene wafikapo. Kuti muyerekeze, Kinnah wathu anachinyira Malawi zigoli 71. Awiriwa ankasewera nthawi imodzi, m'maiko oyandikana, ndipo onse ali pa mndandanda wa ochinya kwambiri m'mbiri ya Africa.

Atapuma kusewera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, sanachoke mu mpira. Anagwira ntchito za utsogoleri ku Kabwe Warriors, ndipo timuyo itatsika ligi, iye monga mphunzitsi anaibwezera m'ligi yaikulu mu 1991 n'kusankhidwa mphunzitsi wopambana wa chaka. Mnyamata uja ankanamiza oyimbira dzina tsopano ndiye ankaphunzitsa ana mwambo. Posakhalitsa anapatsidwa timu ya dziko, mothandizana ndi Alex Chola, katswiri mnzake wa m'zaka za m'ma 1970. Timu imene anali nayo inali yoopsa. Ena mwa anyamatawo ndi amene anachititsa manyazi Italy 4-0 pa Olimpiki ya 1988 ku Seoul, ndipo anthu ambiri ankakhulupirira kuti Zambia ipita ku chikho cha dziko lonse cha 1994.

Pa 25 Epulo 1993 anapambana 3-0 ku Mauritius, zigoli zonse atachinya Kelvin Mutale. Patangopita masiku awiri ananyamuka ku Lusaka pa ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo, kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal. Ndegeyo inatera ku Brazzaville, kenaka ku Libreville m'dziko la Gabon, kuti ithire mafuta. Usiku wa pa 27 Epulo, itangonyamuka ku Libreville, inagwera m'nyanja ya Atlantic pafupi ndi gombe. Anthu onse 30 anafa: osewera 18, aphunzitsi, akuluakulu oyendetsa mpira ndi oyendetsa ndege. Munali goloboyi Efford Chabala, Wisdom Chansa, Kelvin Mutale, Alex Chola ndi Chitalu mwini wake. Anali ndi zaka 45. Lipoti la boma la Gabon limene linatuluka mu 2003 linati injini ya kumanzere inagwira moto, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa, anazimitsa injini ya kumanja imene inali bwinobwino. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV ku Holland ndipo amayenera kukakumana ndi anzakewo ku Dakar pa ndege ina.

Onse anaikidwa ku Lusaka, pafupi ndi Independence Stadium, pa malo otchedwa Heroes' Acre. Chaka chilichonse kumapeto kwa Epulo anthu amasonkhana pamenepo kukawakumbukira, ndipo bwalo latsopano limene linamangidwa pambali pake linatchedwa National Heroes Stadium.

Zimene zinachitika pambuyo pake mwina ena mukuzidziwa. Kalusha anatsogolera timu yatsopano mpaka mu fainolo ya chikho cha Africa ya 1994, kumene anagonja kwa Nigeria 2-1. Patapita zaka, Kalusha yemweyo anakhala pulezidenti wa bungwe la mpira la Zambia, FAZ. Ali pampando umenewo, mu Febuluwale 2012, Zambia inafika mu fainolo ina, ndipo fainoloyo inali ku Libreville komweko. Asanasewere, osewera anapita ku gombe kukaponya maluwa m'madzi. Pa 12 Febuluwale anagonjetsa Ivory Coast ya Didier Drogba pa mapenate, 8-7. Zinathandiza kuti amene ankatsogolera bungwe anali munthu woti anasewera ndi malemuwo, ankawadziwa mmodzimmodzi, ndipo sakanalola kuti ana atsopano aiwale.

Mu Disembala chaka chomwecho, Messi anadutsa zigoli 85 za Müller n'kumaliza ndi 91. Apa ndi pamene a FAZ anadzuka n'kuuza dziko kuti munthu wawo anachinya 107 kalekale mu 1972. Wofufuza wina, Jerry Muchimba, anakhala pansi ndi manyuzipepala akale n'kuwerenga chigoli chimodzichimodzi, tsiku ndi tsiku. A FIFA anayankha kuti iwo sasunga ziwerengero za maligi a m'maiko, choncho sangatsimikize. Ena anatinso zina mwa zigolizo zinali za magemu apaubale a makalabu ndi achionetsero, zimene kwa Messi siziwerengedwa. Kunena chilungamo, mfundo imeneyo ili ndi mutu, ndipo m'mabuku ambiri mbiri ndi ya Messi basi. Koma kusiyana kwina kuli apa: chigoli chilichonse cha Messi chili pa kanema, pamene za Chitalu zinadalira atolankhani ochepa ndi mapepala amene anakhala zaka 40 osatsegulidwa. Mwezi womwewo bwalo la Kabwe Warriors linapatsidwa dzina la Godfrey Chitalu. Ulemu unabwera, koma mwini wake atagona m'manda zaka 19.

N'chifukwa chake maiko ena amakhala ndi nyumba yosungira mbiri ya akatswiri a masewero, momwe mumakhala maina, zithunzi, majezi ndi ziwerengero, ndipo nthawi zambiri amene amatsogolera ntchitoyo ndi akatswiri akale omwe. Iwo amadziwa amene anali wabwinodi, amadziwa kumene kuli mabanja a anzawo, ndipo zimawapweteka mnzawo akaiwalika.

Nanga ife kuno ku Phalombe? Ndani anachinya zigoli zambiri pa bonanza ya chaka chatha ku Migowi? Ndani anali goloboyi wodziwika ku Chiringa makolo athu ali anyamata? Atsikana a ntchemberembaye amene anatenga zikho za sukulu m'boma lino, maina awo ali kuti? Pali anthu a m'midzi yozungulira phiri la Mulanje amene anathamangapo mpikisano wa Porters Race, kukwera ndi kutsika phiri, koma lero timadutsana nawo pa msika osawadziwa. Ngakhale kalabu yathu yomwe, ndinafunsa kuti tasewera magemu angati chiyambireni, aliyense anatchula nambala yake. Komanso tikudziwa mmene madzi amatichitira kuno. Napolo wa 1991 ndi Freddy wa 2023 anakokolola nyumba pamodzi ndi zithunzi ndi masatifiketi amene anali m'menemo.

Ndiye pempho langa ku komiti ndi ili. Tigule kope limodzi lachikuto cholimba, ndipo gemu iliyonse tizilemba tsiku, malo, timu imene takumana nayo, zigoli ndi ochinya, za anyamata ndi za atsikana zomwe. Tsamba likadzaza tizilijambula pa foni n'kuliika pa tsamba lino kuti likatayika kope, mbiri isatayike. Chachiwiri, tipemphe osewera akale atatu kapena anayi a m'dera lino, abambo ndi amayi, kuti atsogolere ntchito yolemba maina a akatswiri a kuno. Iwo ndi amene anawaona, ife tingogwira cholembera.

Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi dzina limodzi la katswiri wakale wa m'mudzi mwake, ndi chaka chimene ankasewera. Funsani agogo, amalume kapena azakhali. Ndipo aja munandiseka pansi pa mtengo, ndikukudikirani m'makomenti.