Mnyamata wowerenga miyala anagona ku Chikwawa

Ndikamatsetsereka zitunda za ku Chikwawa pa minibasi, anzanga mtima umakhala pa mabuleki, koma ine maso amakhala pa miyala yomwe anaidula polambula msewu. Ina njopindikapindika ngati mphasa. Ndikaiona ndimakumbuka mzungu wina amene mafupa ake ali kuchigwa komweko, Richard Thornton.

Mkuluyu anabadwa mu 1838 ku England ndipo anaphunzira za miyala ku London. Mu 1858, ndevu zisanamere bwino, analowa m'gulu la David Livingstone lodzafufuza mtsinje wa Zambezi.

Ntchito yake inali kuwerenga miyala. Inde abale, miyala imawerengedwa. Ikasanjikizana, wapansi ndiye mkulu, wapamwamba ndi mng'ono wake. Ikapindika, ndiye kuti inafinyidwa. Ikaduka mbali ina n'kutsika, pamenepo dziko linang'ambika. Lero tikudziwa kuti miyala ya m'mapiri ozungulira chigwa cha Shire ndi mizu ya mapiri akalekale, a zaka zoposa 500 miliyoni. Pamwamba pake panadzagona miyala yamchenga ndi malasha, monga ya ku Lengwe ndi ku Mwabvi. Kenaka chigwa chinatitimira, madzi n'kudzathiramo dothi lomwe likubereka nzimbe ku Nchalo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma Livingstone kudekhako analibe. Thornton anali kukumba ndi kuyeza malasha kufupi ndi Tete, uku malungo akumusautsa, koma mu 1859 bwanayo anamuchotsa ntchito ati ngwaulesi. Ulesi wanji? Mu 1861 mnyamata yemweyo anapita ndi Baron von der Decken kukayeza phiri la Kilimanjaro.

Atabwerera n'kugwirizananso ndi Livingstone, anapeza chigwa cha Shire chili pa moto. Chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo zinali zitatha anthu. Amishoni a UMCA kwa Chibisa analibe ndiwo zopatsa mphamvu. Thornton anayenda wapansi mpaka ku Tete kukawagulira mbuzi ndi nkhosa. Anabwerako ali wofooka, kamwazi ndi malungo n'kumumaliza pa 21 April 1863, ali ndi zaka 25 basi. Manda ake ali kufupi ndi mathithi a Kapichira.

Nanga malasha a dera la Tete lija? Lero akukumbidwa ku Moatize, ndipo sitima zimadutsa nawo m'dziko mwathu muno kupita ku Nacala ife tikungokupiza manja.

Tsono ndikamamva anthu pamsika akukamba za migodi ngati ndalama zotola, ndimafunsa: ndani akutiwerengera miyalayo? Amalonda anzanga, musamagule mwala chifukwa choti ukunyezimira. Inu ophunzira, maphunziro a miyala ku University of Malawi si a anthu osowa chochita. Tikapanda kudziwa tokha chomwe chili pansi pa munda wa agogo, mlendo adzatiuza mtengo wake, ife n'kuvomera ndi manja awiri.