Chilembwe asanagwire mfuti anayamba wagwira buku

Pa 15 January chaka chilichonse timapuma ntchito pokumbukira Mbusa John Chilembwe. Akuluakulu amakaika nkhata zamaluwa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ndipo nkhani imakhala ya kuukira atsamunda mu 1915 basi. Koma kuukirako sikunathe ngakhale masabata awiri. Chomwe sitikamba kawirikawiri ndi zaka zomwe anakhala pa sukulu ya ubusa ku America, kumene ntchito yake yonse inachokera.

Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Chiradzulu. Mu 1892 anayamba ntchito yapakhomo kwa mmishonale wa ku England, Joseph Booth, yemwe anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Booth ankanena poyera kuti Africa ndi ya anthu akuda, zomwe zinkawanyansa azungu anzake. Iyeyu ndiye anabatiza Chilembwe mu 1893, kenako mu 1897 n'kupita naye ku America.

Atafika kumeneko, mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention unamutenga n'kumutumiza ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Sukuluyi anaimanga ndi Abaputisti akuda, ambiri mwa iwo obadwira muukapolo, womwe unali utangotha mu 1865. Chaka chimodzi Chilembwe asanafike, khothi lalikulu la dzikolo linali litavomereza tsankho lolekanitsa akuda ndi azungu.

Tangoganizani: mnyamata amene kwawo ankaona mzungu yekha akuyendetsa mishoni, anapeza anthu akhungu ngati lake akuyendetsa okha koleji, mipingo ndi nyuzipepala, chonsecho akuponderezedwa. Kupatula Baibulo ndi kalalikidwe, anakumana ndi maganizo a anthu ngati Booker T. Washington, yemwe ankalimbikitsa ntchito zamanja ndi kudzidalira, komanso Frederick Douglass, yemwe analimbana ndi ukapolo. Uthenga wabwino unalowa m'mutu mwake pamodzi ndi ulemu wa munthu wakuda.

Anabwerera kumudzi mu 1900 ali mbusa wodzozedwa, n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Sanangomanga guwa. Anatsegula sukulu zingapo, amayi ankaphunzira kusoka, anthu ankalima mbewu zogulitsa monga thonje. Amishonale akuda a ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, anabwera kudzamuthandiza. Pofika 1913 tchalitchi chachikulu chanjerwa chinali chitatha.

Koma pafupi pomwepo panali minda ya A.L. Bruce ku Magomero, kumene anthu ankagwira thangata. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, ankadziwika ndi nkhanza ndipo ankaotcha nyumba zopempherera za mpingo wa Chilembwe. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayamba mu 1914, mbusayu analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akukafera nkhondo ya eni ake. Boma silinamumvere.

Usiku wa pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, n'kupha Livingstone ndi azungu ena awiri. Pa 3 February Chilembwe anaomberedwa akulowera kumalire a Mozambique. Omutsatira ambiri anaphedwa, tchalitchi chija boma linachigumula. Kaya zinali zoyenera kuti mbusa afike pokhetsa magazi, ndi mtsutso womwe mpaka lero sunathe, ndipo sibwino kuubisa.

Chomwe chinapulumuka ndi cha m'kalasi chija. Daniel Malekebu, mwana wasukulu wa ku Mbombwe, nayenso anakaphunzira ku America, n'kubwerako ali dokotala, ndipo mu 1926 anatsegulanso mishoniyo. PIM ilipo mpaka lero.

Masiku ano makoleji a Baibulo ali mbwee, ndipo wina amangogula suti ndi maikolofoni n'kudzitcha mneneri mawa lake. Chilembwe anakhala pansi n'kuphunzira, ndipo atabwerako anthu a m'dera lake anadziwa kuwerenga ndi kusoka, komanso anapeza wowalankhulira. Inu amene muli pa sukulu ya ubusa lero, mukamagwira K2,000 yokhala ndi nkhope yake, dzifunseni kuti mudzi umene mudzatumikire udzapindula chiyani ndi satifiketi yanuyo.