Zhou Dunyi, Mphunzitsi wa Mthunzi ndi Dzuwa

Zhou Dunyi anabadwa m'chaka cha 1017 ku Daozhou, dera limene lero lili m'chigawo cha Hunan ku China. Atate ake anamwalira iye akali mnyamata, ndipo analeredwa ndi amalume ake, Zheng Xiang, amene anampezeranso ntchito ya boma. Zaka zambiri za moyo wake anazitha akuweruza milandu m'maboma akutali ndi likulu.

Ali ku Nan'an, mkulu wa pantchito, Wang Kui, anafuna kuti wandende wina aphedwe ngakhale kuti mlandu wake sunali woyenera imfa. Anthu onse anaopa kumtsutsa, koma Zhou anakanitsitsa, nakonzeka kutula pansi udindo wake. Wang Kui anabweza mtima, ndipo wandendeyo anapulumuka.

Chimene chinamveketsa dzina lake ndicho kabuku kotchedwa Taijitu Shuo, kofotokoza chiphunzitso chakale cha yin ndi yang. Pachiyambi mawu akuti yin ankatanthauza mbali ya phiri ya mthunzi, pamene yang inali mbali yowala dzuwa. Popeza palibe phiri la mbali imodzi, ziwirizi si adani ayi, koma china ndi muzu wa chinzake. Zhou anaphunzitsa kuti yang amadza ndi kuyenda kwa zinthu, yin amadza ndi bata, ndipo chimodzi chikafika pachimake chimapatsa malo chinzake, monga usana upatsa malo usiku. M'kusinthana kumeneku mumachokera madzi, moto, mtengo, chitsulo ndi dothi, ndipo mwa izi mumabadwa zinthu zonse.

M'buku lake lina, Tongshu, anasonyeza kuti wolamulira nayenso ayenera kukhala ndi ziwiri, chifundo cholera anthu ndi chilungamo chowawongola. Chilango chopanda chifundo, chonga chija anachikana ku Nan'an, ndicho phiri la mthunzi wokhawokha.

M'chaka cha 1046 anaphunzitsa anyamata awiri apachibale, Cheng Hao ndi Cheng Yi, amene pambuyo pake anakhala akatswiri a nzeru za Confucius. Zhou anamwalira mu 1073 m'tsinde mwa phiri la Lu, asanadziwike kwenikweni. Patapita zaka ngati 100, Zhu Xi anakweza zolemba zake, ndipo mu 1241 dzina lake linalandira ulemu m'kachisi wa Confucius.