Wilhelm Peters, Mzungu Amene Adalemba Mbeŵa za ku Tete M'mabuku

Anthu a ku Furancungo, ku Tsangano ndi m'midzi ya m'malire amadziŵa bwino kapeta, jugu, mfuko ndi sakhwi. Koma ndi ochepa amene amadziŵa kuti tinyama timeneti tidaloŵa m'mabuku a ophunzira a dziko lonse kuchokera m'chigawo chathu chino cha Tete. Amene adachita ntchitoyi ndi Wilhelm Peters.

Peters adabadwa pa 22 Epulo 1815 m'mudzi wa Koldenbüttel, umene lero uli kumpoto kwa dziko la Germany. Adaphunzira za udotolo ndi za zinyama, ndipo ku Berlin adagwira ntchito ndi mphunzitsi wotchuka Johannes Müller. M'chaka cha 1842 mfumu ya ku Prussia, Friedrich Wilhelm IV, idamtuma ku Africa kukasonkhanitsa zinyama ndi zomera. Adafika ku Mozambique mu 1843, nakwera mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena mpaka ku Tete, kumene adakhala miyezi yambiri mu 1844 ndi 1845. Nthaŵi imeneyo dziko la Makanga linkalamulidwa ndi banja la a Pereira.

Ntchito yake inali yofuna kupirira. Nyama ikagwidwa ankaiyeza, kuisenda ndi kuumitsa chikopa ndi chigaza. Nsomba, achule ndi njoka ankaziika m'mabotolo a mowa waukali kuti zisawole, pamene masamba ndi maluŵa ankawapanikiza pakati pa mapepala. Mlendo sadziŵa una wa mbeŵa, choncho zambiri zidapezeka chifukwa cha alenje ndi asodzi a konkuno, ngakhale maina awo sakumbukika monga lake.

Mu 1846 adalengeza ku Berlin mitundu inayi yochokera ku Tete. Kapeta, mbeŵa yonona ija, adamutcha Steatomys pratensis, kutanthauza mbeŵa ya mafuta. Jugu, amene amasunga mbewu m'masaya, adakhala Saccostomus campestris, ndiye kuti wa thumba kukamwa. Mfuko wowononga chinangwa ndi mbatata adalandira dzina la Heliophobius argenteocinereus, limene limanena za kuopa dzuŵa ndi ubweya wotuwa. Sakhwi adamutcha Petrodromus tetradactylus chifukwa cha zala zinayi za kumapazi akumbuyo. Maina onsewa akugwirabe ntchito mpaka lero.

Pa nsomba zina sadataye dzina la eni dziko. Nchenga ndi Distichodus schenga, ndipo mberi ndi kamene Peters adapatsa dzina la imberi. Boma la Macanga nalo lili m'mabukumo: kachule ka m'mabango kotchedwa Hyperolius marginatus adakalemba mu 1854 kuti kadachokera ku Makanga.

Atabwerera kwawo mu 1848, Peters adayamba kulemba buku lalikulu la ulendo wake wa ku Mozambique. Gawo la nyama zoyamwitsa lidatuluka mu 1852, la tizilombo mu 1862, la zomera pakati pa 1862 ndi 1864, la nsomba za m'mitsinje mu 1868, ndipo la njoka, abuluzi ndi achule mu 1882. Popeza makamera anali asanafike pojambula bwino zamoyo, amisiri ankajambula nyama iliyonse pamwala wosalala, mano ndi mafupa omwe, kenaka n'kudinda papepala. Zithunzi zambiri ankazipaka utoto ndi manja. Ndi zithunzi zimenezi zimene zinkathandiza wophunzira wa kutali kusiyanitsa jugu ndi kapeta asanawaonepo.

Lichtenstein, mkulu wa nyumba yosungiramo zinyama ku Berlin, atamwalira mu 1857, Peters ndiye adaloŵa m'malo mwake. Nkhozi, nyama ya m'tchire imene adaipeza ku Tete, anali ataitcha kale dzina la mkuluyo. Peters adamwalira pa 20 Epulo 1883, patatsala masiku aŵiri kuti akwanitse zaka 68. Gawo la mbalame silidatuluke.

Zimene adasonkhanitsa zambiri zikusungidwa ku Berlin, koma zamoyo zenizeni zili m'minda ndi m'mapiri mwathu. Moto wolusa wa alenje a mbeŵa ndi kudula mitengo ya makala zikuchepetsa malo awo. Akuluakulu aphunzitse ana maina a tinyama timeneti ndi makhalidwe ake, ndipo mafumu aletse kutentha tchire mwachisawawa, kuti adzukulu asadzafunike kukaona sakhwi pa chithunzi cha ku Ulaya.