Thomas Bain timamudziwa, nanga akaidi omwe ankasenza miyala aja?

Mukalemba dzina loti Swartberg Pass pafoni yanuyo, muona msewu wafumbi wokhotakhota ukukwera phiri ku South Africa. Umalumikiza tauni ya Oudtshoorn ndi ya Prince Albert, ndipo pamwamba pake mpotalika mamita oposa 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Mkulu yemwe amatchulidwa pa msewuwu ndi Thomas Bain.

Bain adabadwa mu 1830 ku Graaff-Reinet. Ntchitoyi adaiphunzira kwa bambo ake, Andrew Geddes Bain, omwe adamanga Bain's Kloof Pass, msewu womwe udatsegulidwa mu 1853. Mwanayo adadzawaposa bambowo, mpaka kumanga misewu yodutsa m'mapiri yoposa 20.

Vuto la ku Swartberg lidali madzi. Ngolo za alimi zinkadutsa ku Meiringspoort, chigwa chopanikizika chomwe msewu wake umatsata mtsinje. Mtsinjewo ukasefukira, njira yatsekeka basi, katundu osafika kumsika. Nchifukwa chake padafunika njira ina yodzera pamwamba.

Kontilakitala woyamba, John Tassie, ndalama zidamuthera ntchito isadapite patali, ndipo mu 1883 Bain adaitenga. Kudalibe mathirakitala. Kudali mapiki, mafosholo, mawilibala ndi onga. Matanthwe ena ankawasonkhera moto, akatentha nkuwathira madzi ozizira kuti asweke. Zipupa zochirikiza msewu adazimanga posanja miyala yokhayokha, popanda simenti, moti madzi amvula amadutsa m'mipata mmalo moti adzadze kuseri nkugwetsa chipupa. Msewu udatsegulidwa mu January 1888, ndipo mu 1988 boma lidauika m'gulu la malo osungidwa a mbiri ya dziko. Zipupa zambiri zidakali chiimire, galimoto zikudutsa.

Luso limeneli ine ndimaligomera. Koma chomwe chimandiwawa nchakuti miyala ija sadasenze ndi Bain. Adasenza ndi akaidi oposa 200, omwe ankagona m'misasa paphiri pomwepo, malo omwe nthawi yozizira kumagwa chipale. Sadafunsire ntchitoyo, ndipo kukana kudalibe. Mabwinja a nyumba zomwe ankawatsekeramo adakalipo m'mbali mwa msewu, koma mlendo wojambula zithunzi amabwerako akudziwa dzina limodzi lokha.

Ena anganene kuti ndi momwe zinthu zinkayendera nthawi ya atsamunda, tisamuweruze ndi maso alero. Chabwino, sindikuti achotsedwe m'mabuku. Munthuyu ankaidziwa ntchito yake, ndipo adamwalira mu 1893 atasiya misewu yomwe ikutumikirabe anthu. Ndikungoti mbiri ikamatamanda wopima njira nkuiwala wosenza mwala, imakhala yosakwanira. Paja mutu umodzi susenza denga, ndiye phiri lonse lija angaliswe munthu mmodzi?